Mawaya a soketi ya ngolo aduka pa lole yakale ya asilikali: ndiwalumikize bwanji?

Wamatabwa wa ku Luwinga analemba kuti:

Akuluakulu nonse a pabwalo lino, landirani moni kuchokera ku Luwinga kuno ku Mzuzu. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa masiku angapo, ndipo ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa bwino zamagetsi a magalimoto akuluakulu.

Ndili ndi lole ya Leyland DAF yokoka ndi mateyala onse anayi, imene kale inali ya asilikali a ku Britain, ndipo ndinaigula kwa munthu wina amene anaiitanitsa kuchokera kunja. Ntchito yake ndi yotuta matabwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo nyengo ino ya mvula ndi yokhayo imene imalowa m'tinjira tamatope mmene malole ena amatitimira. Lachiwiri lapitali tikubwerera m'mbuyo kuti titembenuke pamalo pothina, chitsa cha paini chinakola chingwe cha mawaya chimene chimadutsa m'mbali mwa chesesi n'kukalowa kuseri kwa soketi ya ngolo, ndipo chinachidula pafupifupi theka la mita kuchokera pa soketiyo. Soketi yake si yofanana ndi ya malole wamba: ili ndi mabowo 12, ndipo pambali pa bowo lililonse pali chilembo m'malo mwa nambala.

Mnyamata amene ndimayenda naye anayesa kulumikiza mawayawo pomwepo m'nkhalango, akumapotokola waya ndi mnzake wofanana mtundu n'kukulunga tepi yakuda. Tsoka lake n'lakuti mwini wake woyamba anaikapo chidutswa china cha chingwe, moti mitundu ya mawaya a mbali ya soketi sikugwirizana ndi ya mbali ya lole. Kuyambira tsiku limenelo, ndikangoyatsa magetsi a usiku fyuzi imapsa, ndipo ndikaponda buleki maindiketa onse awiri a ngolo amayaka mozilala pamene magetsi a buleki eni ake ali chete. Tsikulo ndinafika ku Mzuzu mdima utagwa, ndikutsika mapiri a Viphya m'chifunga, ngolo yodzaza matabwa ilibe nyali ngakhale imodzi kumbuyo, ndipo mpaka lero mtima umandigunda ndikaganiza za minibasi imene ikanatha kudzalowa pansi pa ngoloyo.

Mafunso anga ndi awa. Kodi ndingadziwe bwanji ntchito ya waya aliyense popeza mitundu yandisokoneza? Kodi kulumikiza kolimba n'kotani, poganizira chinyezi cha kwathu kuno? Ndipo kodi si bwino kungochotsa soketi ya asilikaliyi n'kuikapo ya mapini 7 imene imapezeka m'masitolo? Ngolo yaima pabwalo, ndipo anthu amene anandipatsa ntchito akudikira matabwa awo.

Wazamagetsi wa ku Chibavi anayankha kuti:

Bambo, pepani ndi zimene zakuchitikirani, komanso tithokoze kuti munafika bwino. Ndisanafotokoze china chilichonse, chonde lero lomwe pitani mukachotse waya wa negative pa batire, kapena muzimitse swichi yaikulu yodula mabatire ngati lole yanu ili nayo. Pa magalimoto ambiri a asilikali, m'chingwe chimenecho mumakhala waya mmodzi wopereka moto ku ngolo amene angathe kukhala ndi mphamvu ngakhale kiyi atachotsedwa, ndipo akakhudza chitsulo usiku inu muli mtulo, chingwe chonse chingasungunuke mpaka kutsogolo. Musalole konse kuti wina aike waya kapena pepala la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi. Fyuzi imene ikupsayo ndi imene yapulumutsa lole yanu mpaka pano.

Tsopano za kuzindikira mawaya. Iwalani za mitundu. Lole imene yadutsa m'manja mwa anthu angapo, mtundu wa waya suuza munthu zoona, ndipo mboni yokhulupirika ndi lole yeniyeniyo. Masulani zonse zimene mnyamata wanu analumikiza, sendani nsonga ya waya aliyense wa mbali ya lole, ndipo muwatalikitse kuti asakhudzane. Ine ndimawabaya pa katoni mondondozana, waya aliyense pabowo lake. Mukatero ikani fyuzi yatsopano ya mlingo womwewo wa yakale, bwezerani batire, ndipo mupange tesita ndi babu la 24V la 21W lokhala ndi mawaya awiri. Lole yanu imayendera 24V, kuchokera ku mabatire awiri a 12V olumikizidwa motsatizana, choncho tesita ya galimoto yaing'ono idzangopsa nthawi yomweyo. Babu la 24V likasowa, lumikizani motsatizana mababu awiri a 12V ofanana mphamvu, ndipo adzagwira ntchito yomweyo.

Waya mmodzi wa tesita mumugwiritse pa chesesi pamalo popala bwino, poonekera chitsulo choyera. Choyamba, zonse zili zozimitsa, gusani waya aliyense: amene ayatse babu ndiye wa moto wokhalitsa uja, ndipo mumukulunge tepi n'kumuika pambali. Kenako mnyamata akhale pa chiwongolero ayatse kiyi ndi indiketa ya kumanzere, inu muzigusa mpaka mutapeza waya amene babu likuphethira naye. Mulembe pa kapepala n'kumata pa wayayo nthawi yomweyo, musanapite kwa wina, chifukwa mutu umanama mukagwira mawaya ambiri. Muchite chimodzimodzi ndi indiketa ya kumanja, buleki, magetsi a usiku, ndi nyali ya chifunga ngati ilipo. Waya wa earth, amene moto umabwererapo, amapezeka mosiyana: tesita muigwiritse ku waya wa moto uja, ndipo waya amene ayatse babu mowala kwambiri ndiye earth. Ena angaliyatse mozilala chifukwa moto ukudutsira m'mababu a kumbuyo kwa lole, amenewo asakunyengeni.

Ndanena babu osati multimeter, kachipangizo koyezera magetsi kaja, mwadala. Multimeter imaonetsa 24V ngakhale pa waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi kokha ka kopa, chifukwa simakoka moto woti n'kunena, pamene babu la 21W limakoka pafupifupi ampu imodzi, ndipo waya wodwala amaonekera poti babu limayaka mofooka. Multimeter idzakuthandizani ku mbali ya soketi, kumene kulibe moto, poyeza kuti waya uti akupita ku pini iti.

Zizindikiro zimene mwafotokozazi zikundiuza zinthu ziwiri. Kuyaka mozilala kwa maindiketa mukaponda buleki ndi matenda a earth: moto ukafika ku babu n'kusowa njira yobwerera, umafunafuna podzera m'mababu ena, ndipo onse amagawana mphamvu n'kuyaka ngati koloboyi. Kupsa kwa fyuzi kukusonyeza kuti waya wa magetsi a usiku walumikizidwa ku earth kapena wakhudza chitsulo penapake, ndipo sindingadabwe mutapeza kuti mawaya awiriwa anangosinthanitsidwa. Ngati fyuzi ipsabe mawaya onse ali otalikirana, ndiye kuti chitsa chinakoka chingwe n'kuchisupula kwina kutsogolo. Zikatero ikani babu lanu lija m'malo mwa fyuzi: lidzawala kwambiri pamene shoti ilipo, ndipo mukamagwedeza chingwe pang'onopang'ono motsatira chesesi, lidzazilala mukafika pamalo povulala.

Polumikiza, ine ndimawotcherera ndi solder, mtovu wosungunula uja. Dulani waya kubwerera m'mbuyo mpaka mutapeza kopa wowala, chifukwa madzi amayenda m'kati mwa waya ngati mafuta m'chingwe cha nyali, ndipo kopa wakuda sagwira solder. Mfundo zisakhale pamalo amodzi. Zisiyane masentimita atatu kapena anayi, kuti chingwe chisatupe komanso kuti imodzi ikasupuka isakhudze inzake. Waya wa 1.5 mm² akwanira pa nyali, koma wa earth akhale wa 2.5 mm², poti iye amasenza moto wa nyali zonse pobwerera.

Msilikali wopuma wa ku Masasa anayankha kuti:

Achimwene, ndinayendetsa malole a usilikali zaka zambiri ndisanapume, ndipo zimene anena a ku Chibavi ndi zoona. Ndingowonjezapo zimene munthu amene sanakhalepo m'gulu lankhondo sangaziganizire msanga.

Soketi imene muli nayoyo ndi ya muyezo wa NATO, mgwirizano wa magulu ankhondo a maiko a ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, ndipo anaipanga kuti lole ya dziko lina ithe kukoka ngolo ya dziko lina popanda kusintha kanthu. Zilembo zake zimayambira pa A kukafika pa N, koma G ndi I palibe, n'chifukwa chake zimakwana 12. Pa magalimoto ochokera ku Britain, B ndi indiketa ya kumanzere, J ndi ya kumanja, E ndi magetsi a usiku a kumbuyo, M ndi buleki, D ndi earth, ndipo K ndi amene kawirikawiri amapereka moto wapadera ku ngolo. Pa magalimoto a asilikali a ku America zimasiyana pang'ono, chifukwa buleki ndi indiketa zimadutsa pa waya mmodzi mbali iliyonse, ndipo mawaya awo amakhala akuda onse, ongosiyanitsidwa ndi timalata tokhala ndi manambala. Ndanena zimenezi kuti mukapeza chithunzi pa intaneti muyambe mwaona kuti n'cha dziko liti. Kumbukiraninso kuti mukamayang'ana soketi chakuseri, kumene mawaya amalowera, zilembo zimakhala motembenuka ngati pa kalilole, choncho muziwerenga chilembo chimene chadindidwa pambali pa pini, osati kuwerengera malo ndi maso.

Chachiwiri ndi swichi ya magetsi. Malole amenewa ali ndi poika pa blackout kapena convoy, pamene tinkagwiritsa ntchito poyenda usiku mondondozana osafuna kuonedwa. Mukaika pamenepo, nyali zonse za masiku onse zimazima, kuphatikizapo za buleki ndi maindiketa, ndipo kamatsala kanyali kakang'ono ka pansi kowalitsa malo opakidwa penti yoyera cha pa difu, pakati pa mateyala a kumbuyo, kuti woyendetsa wa m'mbuyo azitsata kameneko. Ndinaonapo munthu akuvutika tsiku lonse kufunafuna moto wa buleki, akumasula mpaka swichi ya pa phazi, pamene vuto linali lakuti mwana anapotokola swichi ija. Choncho musanayambe kuyeza, onetsetsani kuti swichi ili pa magetsi a masiku onse. Mawaya amene adzakhale chete pa mayeso onse aja, ayeseninso swichi ili pa convoy, ndipo mudzapeza kuti ena mwa iwo ndi a nyali zimenezi. Inu simukuwafuna pa ntchito ya matabwa, koma musawasiye pamtunda. Aliyense atsekedwe nsonga payekha.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri simunachitchule n'komwe, ndicho mapaipi a mpweya. Soketi imakhala moyandikana ndi polumikizira mabuleki a ngolo, pofiira ndi pachikasu. Paipi yofiira ndi imene imadzaza thanki ya ngolo, ndipo ikaduka ngolo imadzimanga yokha mabuleki. Yachikasu ndi imene imauza ngolo kuti mwaponda buleki, ndipo ikang'ambika simudzadziwa kanthu mpaka nthawi imene mwaponda n'kumva ngolo ikukukankhani. Chitsa chimene chinadula chingwe cha mawaya sichikanalephera kupala mapaipi amenewa. Dzazani mpweya, zimitsani injini, wina aponde buleki, ndipo inu mupake madzi a sopo m'mapaipi ndi m'malumikiziro monse kuti muone ngati pakutuluka thovu. Musatsike nayo ngolo yodzaza ku Chiweta kapena njira ya ku Nkhata Bay musanachite zimenezi.

Pa funso lanu lomaliza, ine ndikuti soketi ya NATO isungeni. Ndi yolimba, ili ndi chivundikiro chotseka madzi, ndipo inapangidwira matope enieniwo amene inu mumayendamo.

Mphunzitsi wa zamagalimoto wa ku Katoto anayankha kuti:

Ndawerenga mayankho onse awiri ndipo ndikugwirizana nawo pa njira yoyezera, koma ndikupempha kusiyana pang'ono ndi bambo a ku Chibavi pa nkhani ya solder, komanso ndi bambo a ku Masasa pa nkhani ya soketi.

Solder imagwira bwino moto, zimenezo sindikutsutsa. Vuto lake n'lakuti ikasungunuka imalowerera m'timaulusi ta kopa n'kuumitsa wayayo, ndipo pamene pathera kuuma n'kuyambira kufewa ndi pamene waya amathyokera akamagwedezeka. Kumbuyo kwa lole yoyenda m'misewu ya m'nkhalango ndi malo ogwedezeka koposa ena onse. Ophunzira anga ndimawaphunzitsa kugwiritsa ntchito timachubu tachitsulo tofinya, tija tokhala ndi chikopa cha heat shrink chokhala ndi guluu m'kati, n'kufinya ndi pulayala yake yeniyeni yofinyira, osati pulayala wamba kapena mano. Mukafinya, kokani waya mwamphamvu, akasololoka, yambiraninso. Kenako mutenthe chikopacho mpaka guluu atatulukira m'mphepete, chifukwa guluu ameneyo ndiye amatsekereza madzi. Ngati zimenezi simunazipeze ndipo mwasankha solder, ikhale yochepa, yopangidwira zamagetsi osati ya asidi yowotcherera marediyeta, ndipo chingwe chimangidwe mbali zonse ziwiri za mfundo kuti kugwedezeka kusafike pamenepo. Tepi yakuda yokha siyikhalitsa ku Mzuzu, kumene mvula imagwa miyezi yambiri ndipo ngakhale mu June ndi July kumachita mawawa. Imamatuka, madzi amalowa, ndipo pakapita miyezi yochepa kopa amasanduka wobiriwira.

Kunena zoona, popeza padukapo ndi theka la mita chabe kuchokera pa soketi, ndipo chidutswacho n'chongoikirira kale, ine ndikanachitaya chonse. Ndikanaika kabokosi kotseka madzi m'kati mwa chesesi, pamalo pamene chitsa sichingafike, n'kulowetsamo mawaya ochokera kutsogolo, kenako n'kutulutsa chingwe chatsopano chopita ku soketi, chovekedwa paipi yapulasitiki yamakwinya ndi chomangidwa pa mtunda wa chikhatho chilichonse. Pobowola chitsulo pamene chingwe chikudutsa muikepo kamphira, ndipo musiye chingwe cholendewera pang'ono chisanalowe m'soketi kuti madzi azidontha pansi m'malo molowa m'mapini.

Ubwino wa kabokosiko ndi wakuti mungathe kutulutsamo zingwe ziwiri, ndipo apa ndi pamene ndikusiyana ndi bambo a ku Masasa. Soketi ya NATO ndi yolimbadi, koma pulagi yake ikasweka muli ku Chikangawa simudzaipeza pafupi, ndipo tsiku limene mudzafune kukoka ngolo ya mnzanu mudzasowa polowetsa. Isungeni, koma pambali pake muikepo ya mapini 7 ya malole, imene imatchedwa 24N, ya muyezo wa ISO 1185. Pa imeneyo pini 1 ndi earth, waya woyera. 2 ndi nyali ya usiku ya kumanzere, wakuda. 3 ndi indiketa ya kumanzere, wachikasu. 4 ndi buleki, wofiira. 5 ndi indiketa ya kumanja, wobiriwira. 6 ndi nyali ya usiku ya kumanja, wabulauni. Ndipo 7, wabuluu, anasungira za mabuleki a ngolo. Popeza lole yanu ili ndi waya mmodzi wa magetsi a usiku, ameneyo adyetse pini 2 ndi 6 pamodzi. Samalani pogula, chifukwa palinso soketi ya mapini 7 ya magalimoto ang'onoang'ono, yotchedwa 12N, imene pini 1 ndi indiketa ya kumanzere ndipo earth ili pa 3. Wogulitsa wosadziwa angakupatseni imeneyo poona kuti mapini ndi 7 basi.

Pomaliza, tsegulani magalasi a nyali za ngolo muwerenge zolembedwa pa mababu. Akhale a 24V, a 21W pa buleki ndi maindiketa, a 5W pa nyali za usiku. Mukapeza a 12V, asintheni onse, ndipo musalole munthu kukutengerani 12V pa batire limodzi, chifukwa mabatire awiriwo amayamba kudzaza mosiyana ndipo onse amafa msanga.

Wazamagetsi wa ku Chibavi anayankhanso kuti:

Mayi, mfundo yanu ya kugwedezeka ndaimva ndipo ndi yoona. Chimene chimandibwezera ku solder n'chakuti timachubu tambiri timene timagulitsidwa motchipa ndi tachitsulo chopyapyala chosagwira, ndipo anyamata ambiri alibe pulayala yoyenera, moti ndalandirapo malole ochuluka amene mawaya ake anangosololoka m'timachubu totere. Koma ngati bambowa apeza zipangizo zabwino, atsate njira yanu, ndipo za kabokosi ndikuvomereza ndi mtima wonse. Ndingowonjeza kuti earth ya ngolo isadalire chokokera chokha, poti pamenepo pamakhala girizi, dzimbiri ndi matope. Waya wa pini D afike pa bawuti yake pa chesesi ya lole, popalidwa mpaka kuyera, ndipo ku ngolo achitenso chimodzimodzi, kenako apakepo girizi pamwamba atamanga kale.

Wamatabwa wa ku Luwinga anabweranso nati:

Akuluakulu, ndabwera kudzathokoza ndi kudzakuuzani mmene zayendera. Loweruka m'mawa tinayala katoni pansi pa lole, ine ndi mnyamata uja, ndipo tinachita monga munatilangizira. Pa mawaya amene anatuluka m'chingwe cha mbali ya lole, mmodzi anayatsa babu kiyi ali m'thumba mwanga, ndipo nditaona zimenezo thupi linachita tsembwe, chifukwa kwa masiku anayi wayayo anali wongokulungidwa tepi pafupi ndi chitsulo. Zimene ananena bambo a ku Chibavi zinapezeka ndendende: waya wa magetsi a usiku anali atapita ku D, ndipo pini E ndi imene inalandira earth. Mnyamata sindinamukalipire, poti anachita zimene akanatha pakati pa nkhalango mvula ili pamsana, ndipo tsopano ndi iye amene walemba ntchito ya waya aliyense m'kabuku kamene tikusunga m'kabati ya kutsogolo.

Bambo a ku Masasa, Mulungu akudalitseni chifukwa cha mawu a mapaipi. Madzi a sopo anatulutsa thovu pa paipi yachikasu, pafupi ndi polumikizira, pamene chitsa chinapala mpaka kutsala pang'ono kuboola kwenikweni. Taisintha yonse. Mawaya atatu anayatsa babu swichi ili pa convoy, ndipo tawatseka aliyense payekha n'kuwasiya m'kabokosi.

Mayi a ku Katoto, kabokosi taika, chidutswa chakale tataya, ndipo timachubu ta guluu ndinatipeza nditayenda masitolo angapo m'tauni, pamene pulayala yofinyira ndinabwereka kwa mnzanga wa galaja. Soketi ya NATO yabwerera m'malo mwake ndipo nyali zonse za ngolo zikuyaka mowala, kupatula indiketa ya kumanja imene inkaphethira mothamanga. Titatsegula galasi tinapeza babu la 12V lopsa kale, ndipo tasintha. Soketi ya 24N sindinaipezebe, chifukwa imene anandionetsa inali ya 12N ija munandichenjeza, koma ndatuma dalaivala wina amene akupita ku Lilongwe mawa, ndipo m'kabokosi tasiyiratu malo ake. Funso limodzi latsala: pini 7 ya 24N ndiisiye yopanda waya, popeza mabuleki a ngolo yanga ndi a mpweya okhaokha?

Mphunzitsi wa zamagalimoto wa ku Katoto anayankhanso kuti:

Inde bambo, isiyeni yopanda waya, ndipo musalumikizeko moto wa K uja ngakhale wina atakuuzani kuti pini yangokhala, chifukwa simudziwa chimene ngolo ya mnzanu yalumikiza pamenepo. Soketi ikafika, muyezenso pini iliyonse ndi babu lanu lija musanalowetse pulagi ya ngolo.